Kalata ya Bisiketi

Kalata yafika Lachiwiri,
koma dzina la pa envulopu si langa:
Bisiketi Hargreaves, pa adiresi yanga,
ngati mphaka amalipirako lendi muno mu Huddersfield.
Akuti chaka chakwana, abwere adzabayitsenso katemera.
Mapaundi makumi asanu ndi limodzi.

Ndaiwerenga chiimire, jekete ikudontha,
n'kuseka ndekha m'khitchini.
Katemera wa chiyani
kwa mphaka wosadziwa dothi?
Zaka zisanu ndi ziwiri sanapondepo panja.
Mbewa sanaionepo.
Nkhunda amaziwerenga kuseri kwa galasi
pa nsanjika yachisanu ndi chinayi,
mchira ukugunda pa hita ngati wotchi.
Mvula ya kuno, yondilowa ine mpaka m'mafupa,
iye amangoionera ngati kanema.

Mayi Hargreaves ndinkawasambitsa m'mawa uliwonse,
kuwapesa, kuwawerengera mapiritsi m'kabokosi.
Tsiku lomaliza m'chipatala
za mwana wawo wa ku Perth sanatchule,
anangondigwira dzanja: "Nasibeko, Bisiketi."
Mawu awiri basi.
Ndinagwedeza mutu,
osadziwa kuti ndasayinira ngongole ya chaka ndi chaka.

Ndaimbira achimwene ku Ntcheu, ndawauza mtengo.
Aseka mpaka kutsamwa.
"Ndiye munakwerera ndege kukalera chona?
Ndalama imeneyo kuno n'fizi ya Dalitsani."
Sananame.
Ndakhala chete, foni ikutentha kukhutu.

Lachitatu pa nthawi yopuma, ndili m'basi,
ndaimbira achipatala cha ziweto kuti ndiwauze:
pepani, uyu satuluka, musavutike.
Wayankha mtsikana wa mawu ofatsa,
sanatsutse, wangofunsa:
"Inuyo mumalowa nyumba zingati patsiku?"

Ndawerenga ndi zala pa thumba la magolovesi.
Zisanu ndi imodzi.
Kwa bambo Oldroyd kuli amphaka atatu,
mmodzi wa maso a manthongo, woyetsemula pa kapeti.
"Matenda ena sagogoda," watero,
"amakwera nanu chikepe, pa nsapato, pa malaya.
Si katemera yense wa chaka ndi chaka ayi,
wina amatha zaka zitatu.
Bwerani ndi khadi lake, dokotala amuone, mukambirane.
Ndipo mukadzafuna kupita kwanu,
osunga amphaka adzayamba afunsa khadilo."

Kani nayenso ali ndi mapepala ake
otha ntchito pa tsiku loikika,
ngati anga aja ndimasunga m'kabati, pansi pa zitenje.

Usiku ndavula nsapato pakhomo monga mwa masiku onse.
Wabwera, wanunkhiza yakumanzere,
walowetsamo mutu wonse,
kuwerenga nkhani za m'tauni:
kapeti ya a Oldroyd, matope a pa siteji,
udzu wa kuseri kwa tchalitchi.
Ndaima pomwepo, makiyi ali m'manja.
Ndimati satuluka panja,
osadziwa kuti panja pake ndine.

Posamba ndakhudza kachipsera ka pamkono wanga.
Amayi anayenda wapansi kuchokera ku Kandeu, ndili kumsana,
ndisanadziwe n'komwe kuti khomo n'chiyani.
Palibe anawafunsa ngati mwanayo amatuluka.

Sindikunena kuti mphaka ndi mwana.
Achimwene, musandimve molakwika,
ya Dalitsani ndituma mwezi ukatha,
ndatenga kale shifiti ya Lamlungu.

Lachisanu tili pa siteji awiriwiri,
iye m'kabokosi ka mawaya, khadi lili m'thumba mwanga,
lolembedwa ndi dzanja lonjenjemera la mayi aja
mpaka chaka chatha, kenako mzere wopanda kanthu.
Akulira mokweza, thambo lamukulira.
Mayi wina wa ambulera yofiira akutiyang'ana.
Ndawerama, ndalowetsa chala pa mawaya,
n'kumuuza m'chinenero chomwe waphunzira chaka chino:
"Tonthola, iwe. N'kamphindi chabe.
Nanenso tsiku loyamba ndinalira chonchi."